Mbiri ya Aggrey, Mwana wa Nduna Yolankhulira Mfumu

M'midzi yambiri ya dziko lathu lino alimo amuna amene dzina lao ndi Aggrey, ndipo ena a iwo afika pa ukalamba osadziwa kuti mwini dzinalo anali yani, kapena dziko limene anabadwira. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani mbiri yace, pakuti ikhudza mlandu umene ubuka kawiri kawiri pakati pathu, pa nyengo yosankha akuru a mpingo, kapena pamene mbumba ikhala pansi kufuna wolowa ufumu. Ena anena kuti mphamvu ija yokoka anthu, yakuti munthu akaimirira kulankhula bwalo lonse lingoti zii, munthu abadwa nayo monga abadwa ndi msinkhu wace. Ndipo achula mwambi uja wakuti make mbuu, mwana mbuu. Ena akana, nati zonsezi ziphunziridwa, ndipo mwana ali yense mukampatsa sukulu yokwanira adzatsogolera anzace. Mlandu uwu suli wacabe ai. Tikabvomereza oyambawo, tidzatsata munthu ali yense wa pakamwa pokoma osafunsa kumene atitengera. Tikabvomereza enawo, tidzaika munthu pa mpando cifukwa ca pepala lace la mayeso, angakhale nkhuku za pakhomo pace zomwe sizimumvera.

James Emman Kwegyir Aggrey anabadwa pa 18 October 1875 m'mudzi wa Anomabu, m'mbali mwa nyanja yamcere, m'dziko limene Azungu analicha Gold Coast, ndilo Ghana lero, kumadzulo kwa Africa. Anali wa mtundu wa Afante, amene awerenga mbumba potsata amai monga ticita ife. Atate wace, Kodwo Kwegyir, sanadziwa kuwerenga, koma anagwira nchito ziwiri zolemekezeka. Yoyamba inali kuyesa golidi. Pakuti masiku aja anthu anagulana malonda ndi pfumbi la golidi, ndipo panafunika munthu wokhulupirika wodziwa kusiyanitsa golidi weni weni ndi wosanganiza. Nchito yaciwiri ndiyo itikhudza ife. Kwa anthu aja mfumu silankhula yokha kwa khamu pa bwalo. Inena motsitsa mau kwa nduna yace imene aicha okyeame, ndipo ndunayo iimirira ndi ndodo ya udindo m'dzanja lace, nitenga mau a mfumu, niwakonza, niwabveka miyambi, niwapereka kwa anthu. Wakudza ndi mlandu nayenso alankhula kwa nduna yomweyo, ndiyo ifikitsa mau ace kwa mfumu. Mau aukali akaturuka m'kamwa mwa mfumu, nduna iyenera kuwaziziritsa, koma osawasandutsa bodza. Imeneyi ndiyo inali nchito ya Kodwo Kwegyir kwa mfumu ya ku Anomabu.

Tidziwa kuti abale aja onena za cibadwa afuna kuti tilekere pomwepa, pakuti ayesa kuti mlandu watha: mwana wa wolankhula anabadwa wolankhula. Ndipo sitikana kuti kanthu kanalipo m'mwazi. Onse amene anamuona Aggrey anasimba za nkhope yace yowala, ndi kuseka kwace kumene kunasekeretsa ngakhale odza ndi mkwiyo, ndi mau ace omveka kutali. Izi palibe sukulu izigawa. Koma taganizani zinthu ziwiri. Coyamba, nkhalambayo inabala ana ambiri, ndipo amene dziko linamva mbiri yace ndi mmodzi yekha. Caciwiri, mwana wokulira pakhomo pamene mirandu ikambidwa tsiku ndi tsiku, namva m'mene atate wace abweza mau a munthu wokwiya, kodi ameneyo sali pa sukulu? Mwana wa wosula adziwa kupukusa mbvukuto asanauzidwe, ndipo anthu ati n'cibadwa, kuiwala kuti anakhala pa cipala ciyambire kukwawa.

M'caka ca 1883 mnyamatayo anabatizidwa, nalowa sukulu ya mpingo wa Wesleyan ku Cape Coast. Patapita zaka zowerengeka mbusa wacizungu, Dennis Kemp, anatenga anyamata ena kukhala nao m'nyumba mwace kuti awalere, ndipo Aggrey anali mmodzi wa iwo. Njala yace ya mabuku inali yosakhuta. Anawerenga usiku anzace atagona. Ali wa zaka ngati 15 anamtuma ku mudzi wa Abura Dunkwa kukaphunzitsa yekha sukulu yaing'ono, iye mwini ali mwana. Pambuyo pace anabwerera ku Cape Coast kukaphunzitsa pa sukulu imene anaphunzirapo, nakwera kufikira anakhala mkuru wa sukuluyo asanakwanitse zaka 23. M'caka ca 1896 anatsagana ndi nkhondo ya Angerezi yopita ku Ashanti monga womasulira mau. Caka cotsatira Boma linafuna kuika lamulo lotenga m'manja mwace malo onse amene linati ali opanda mwini. Mafumu ndi ophunzira a dzikolo anapangana bungwe lakukana lamulolo, ndipo Aggrey anali mwa anyamata olitumikira. Anatuma amithenga ku London m'caka ca 1898, ndipo lamulolo linalekeka.

Tsono pa msinkhu umene ambiri a ife tinali kungoyamba kumanga banja, iye anali kale munthu wochuka kwao. Akadakhala komweko akadadya bwino, nalemekezedwa. Komatu tinene zoona: Aggrey wa masiku aja anali mnyamata wokonda mau atali atali a Cingerezi, ndi kuwaza Cilatini m'zolemba zace, monga acita ambiri ongoyamba kulawa maphunziro. Matenda amenewa tiwadziwa bwino kuno. Tamva alaliki acinyamata alikulalikira agogo a m'mudzi ndi mau amene iwo eni anawapeza dzulo m'buku, agogowo nabvomera ndi mitu mwaulemu, napita kwao opanda kanthu.

M'caka comweco ca 1898 anasiya zonse, nakwera sitima ya pamadzi kupita ku America. Anamuitana ndiye Bishopu John Bryan Small wa mpingo wa anthu akuda wochedwa African Methodist Episcopal Zion, amene anafuna anyamata a ku Gold Coast oti akaphunzire ndi kubwerera kudzagwira nchito ya Mulungu kwao. Anthu akuda a ku America ndiwo zidzukulu za akapolo amene anatengedwa ku Africa. Ukapolo unatha kumeneko m'caka ca 1865, koma m'zigawo za kumwera munali malamulo owapatula pa sukulu, pa sitima, ndi podyera. Kumeneko, m'mudzi wa Salisbury m'cigawo ca North Carolina, mpingo uja unali ndi sukulu yaikuru yochedwa Livingstone College, dzina la David Livingstone yemwe uja anayenda m'dziko lathu lino. Aggrey anatsiriza maphunziro ace pamenepo m'caka ca 1902, nakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo. Anadzozedwa ubusa m'caka ca 1903, ndipo m'caka ca 1905 anakwatira Rose Douglas, mkazi wa ku America komweko. Kwao sanabwerere monga anapangana. Anakhala m'mudzi waung'ono uja zaka 22, naphunzitsa, nalemba mabuku a ndalama za sukulu, ndipo ku Africa dzina lace linayamba kuiwalika.

Apa ndipo tifuna kuti muchere khutu, abale, pakuti pafika cimene ife tiyesa ndico cinampanga munthuyu. M'caka ca 1914, ali wa zaka 39, wobvala kale maina a ulemu a maphunziro, anampatsa kuweta timipingo tiwiri ta kumidzi, Miller's Chapel ndi Sandy Ridge. Akristu ace anali alimi osauka. Ambiri sanadziwa kuwerenga, ambiri analima minda ya eni, ndipo ngongole ya ku sitolo inawadya dzinthu zisanace. Mapemphero ao anali a mfuu ndi misozi, monga acita anthu obvutika amene tsiku la Sabata lokha ndilo apumulapo mtima. Kwa anthu otere Cilatini ndi Cigriki sizinathandiza kanthu. Munthu wonyada akadanyoza nchito imeneyi, nayembekezera mpingo wa m'mudzi waukuru. Aggrey anapita, nalowa m'nyumba zao, nadya cimene anadya iwo, naona cimene cinapha ana ao ndi cimene cinatha ndalama zao. Ndipo ulaliki wace unasandulika. Anayamba kulankhula za nkhuku ndi mazira, za udzudzu ndi madzi akumwa, za kutuma ana ku sukulu, za kusunga kakobiri. Sanaletsa kupfuula kwao, koma mitima ikatentha anaiongolera ku nchito yoti aigwire Lolemba m'mawa. Anawathandiza kupangana bungwe losungitsa ndi kukongozana ndalama, kuti aleke kugwada kwa eni masitolo.

Nthano zija ndi mafanizo aja amene pambuyo pace anagwedeza Africa yense anasulidwa pamenepo. Pakuti mlimi wotopa sakhululukira mlaliki wosamveka, angogona. Munthu amene waphunzira kusunga maso a alimi makumi asanu ali tseguke Sabata ndi Sabata zaka zisanu ndi cimodzi, sadzaopa bwalo liri lonse. Tikumbuka kuti Mose analeredwa m'nyumba ya Farao naphunzira nzeru zonse za Aigupto, ndipo tsiku loyamba limene anayesa kuweruza abale ace anamkana; anayamba waweta nkhosa za mpongozi wace zaka 40, ndipo pamenepo anatumidwa.

Sukulu yina inamdikira, yowawa koposa. M'caka ca 1917 mkuru wa Livingstone College anapuma pa nchito, ndipo ambiri anayesa kuti Aggrey, amene anatumikira sukuluyo nthawi yonse ija, ndiye adzalowa m'malo. Akuru anasankha wina. Cinamlasa mtima ndithu. Koma sanagawa sukuluyo pakati, ngakhale ophunzira anamkonda ndipo akadakhoza kuwautsa. Anakhalabe, naphunzitsa pansi pa mnzaceyo zaka zitatu. Tiziona izi ife amene timipingo tathu tang'ambika kambiri cifukwa munthu mmodzi sanasankhidwa ukuru. Nyengo zopuma anapita ku New York kukaonjeza maphunziro pa Columbia University, nakhala pa benchi ngati mwana wa sukulu, imvi zitayamba.

M'caka ca 1920 bungwe la ku America losamala maphunziro a anthu akuda, la Phelps-Stokes, linatuma anthu kudzaona masukulu a mu Africa, wotsogolera wao Thomas Jesse Jones. Ndipo Aggrey ndiye anali wakuda yekha pakati pao. Anayenda ku Sierra Leone, Liberia, Gold Coast, Nigeria, Congo, Angola, kufikira South Africa. Kwao anapeza amace akali ndi moyo, zitapita zaka 22 osaonana. Ponse pamene anafika anthu anadzaza nyumba, ena nakwera m'mazenera. Anzace a ulendowo anayang'ana mabuku a sukulu ndi kuwerenga ana. Koma amene anthu anamkumbukira ndiye uyu.

Mafanizo ace awiri afika kufikira kwa ife. Lina linali la mwana wa ciombankhanga amene munthu anamgwira namlera pamodzi ndi nkhuku, nazolowera kutola madeya pansi. Mlendo wodziwa mbalame anayesa kumuulutsa kawiri nalephera, pakuti poona nkhuku zirikudya anatsikira komweko. Koma tsiku lacitatu anapita naye kuphiri mbanda kuca, nampenyetsa dzuwa lirikuturuka, ndipo anatambasula mapiko osabweranso. Ndi fanizo ili anauza anthu akuda kuti Mulungu sanawalenga kukhala otola madeya. Lina linali la limba lija loimbira m'nyumba ya Mulungu, liri ndi timatabwa toyera ndi takuda tokanikiza ndi zala: anati nyimbo ituruka ndithu pa toyera tokha, iturukanso pa takuda tokha, koma yokoma yeni yeni ifuna tonse tiwiri. Taonani luso la mwana wa nduna. Pa bwalo limodzi panakhala Azungu ndi anthu akuda, ndipo anauza ali yense cimene sanafuna kumva, wina kuti mnzace si nkhuku, wina kuti mnzace si wompitikitsa, onse naturuka alikuseka.

Kusekako kunali ndi mtengo wace. Pa maulendo aja anamkaniza malo podyera pamodzi ndi anzace, namtsitsa pa magareta a m'midzi ya ku South Africa, cifukwa ca khungu lace lokha. Ku Angola anaona anthu ogwiritsidwa nchito ya thangata mwankhanza, ndipo cinamliritsa. Iye sanali munthu wa mtima wozizira mwa cibadwa, anali wamoto. Kuleza kuja anacita kukuphunzira, monga munthu aphunzitsa ng'ombe yaukali kusenza goli. Akuru anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Nkhonya zina anazilandira kwa anthu a mtundu wace, pakuti ophunzira ena akuda, ku America ndi ku Africa komwe, anamnena kuti afewera Azungu, ndi kuti kuseka kwace kukometsa goli limene liyenera kuthyoledwa. Mau ao sitiwataya onse. Limba lija likoma pamene woimba akanikiza timatabwa tonse mofanana, ndipo m'maiko ambiri amene Aggrey anayendamo sizinali cotero.

Cimene cinacitika ku Transkei, dziko la Axhosa ku South Africa, m'caka ca 1921, ndico citiphunzitsa kuopsa kwa mphatso imeneyi. Mbiri inamtsogolera yakuti kulinkudza munthu wakuda wocokera ku America, ndipo anthu osauka, olandidwa minda, olemedwa ndi misonkho, anaonjezapo zao: anati ndiye mthenga wa nkhondo ya anthu akuda a ku America amene adzapitikitsa Azungu ndi kutsitsa mitengo ya malonda m'masitolo. Anadza pa akavalo ndi pansi, maulendo a kutali. Pamenepo Aggrey akadangogwedeza mutu kubvomera, akadakhala mfumu ya dziko lonselo tsiku lomwelo. Iye anawauza za sukulu, za kulima bwino, za kugwirizana. Ndipo ambiri anabwerera kwao ogwa mphwayi, ena nayesabe kuti wabisa mau cifukwa Azungu analipo.

Mpando umene iye anaukana, wina anaukhalira. Patapita zaka zowerengeka anauka m'dziko lomwelo Wellington Buthelezi, wobadwira ku Natal, amene anadzicha dotolo wocokera ku America. Nayenso anali wa pakamwa pokoma, wodziwa kugwira khamu. Analonjeza kuti Aamerica adzafika pa ndege kudzaombola iwo okha olembetsa maina ao kwa iye ndi ndalama. Anthu analipira, ambiri napha nkhumba zao monga anauzidwa, nayang'ana kumwamba, ndipo ndege sizinafika. Ndipo ife sitiyenera kuseka Axhosa, pakuti Tomo Nyirenda, amene anadzicha Mwana Lesa namiza anthu ambiri m'madzi ku Northern Rhodesia ndi ku Congo m'caka ca 1925 ponena kuti ali mfiti, anali mwana wa dziko lathu lino, wopita ku sukulu ya mishoni. Anapacikidwa caka cotsatira. Ngati mphamvu yokoka anthu iri ya cibadwa, anthu atatuwa anabadwa nayo onse. Aroni ndiye anali wodziwa kulankhula, Mose anali wa lilime lolemera. Koma pamene khamu linaumiriza, wodziwa kulankhula uja ndiye anawaumbira mwana wa ng'ombe wagolidi. Cimene cinaletsa Aggrey kuumbira anthu a ku Transkei fano limene analipempha, ife tiyesa anaciphunzira kwa alimi aja a ku Sandy Ridge, amene anakhala nao nthawi yokwanira kuti aone cimene lonjezo labodza licita kwa munthu wosauka.

Ulendo waciwiri wa bungwe lija unali m'caka ca 1924, kum'mawa kwa Africa: Ethiopia, Kenya, Uganda, Tanganyika, Zanzibar, ndi dziko lathu lino, limene masiku aja linachedwa Nyasaland, ndi maiko a Rhodesia. Makolo athu amene anamuona anadabwa kuona munthu wakuda bii alikukhala pa gome limodzi ndi akuru a Boma, nalankhula nao wosagwira cipewa m'manja. Ndipo ici cokha cinalalikira koposa mau ace. Kufikira nthawi imeneyo masukulu a kuno anali m'manja mwa mishoni, Boma lingoponyapo kandalama kocepa. Pambuyo pa ulendowo Boma linakhazika cigawo cace coyang'anira maphunziro m'caka ca 1926, ndipo ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi oyendera masukulu a m'midzi pamodzi ndi akazi ao. Malangizo a bungwelo anatsamira pa ulimi, umisiri ndi ukhondo wa pamudzi. Zabwino ndithu, koma ena a makolo athu anadandaula kuti afuna kutitsekera pa khasu, ndipo sekondale yoyamba ya dziko lino inacedwa kufikira caka ca 1940. Aggrey mwini, wokhala pa benchi la sukulu kufikira imvi, sakadakondwera nako kucedwa kumeneko.

Nchito yace yotsiriza inali kwao. Bwanamkubwa wa Gold Coast, Gordon Guggisberg, anafuna kumanga sukulu yaikuru pa citunda ca Achimota pafupi ndi Accra, naitana mbusa Alexander Fraser, amene anayendetsa sukulu ku Ceylon, kuti akhale mkuru wace, ndi Aggrey mmodzi wa akuru omthandiza. Atafika m'caka ca 1924, a Boma ena sanafuna kuti munthu wakuda agone m'nyumba za kudera la Azungu; Fraser anakana kulekana naye, nagona naye nyumba imodzi. Anthu a dzikolo anakayika sukuluyo, poyesa kuti ndi msampha wa Boma wowapatsa maphunziro ocepa. Fraser sakadakhoza kucotsa cikayiko cimeneco, ngakhale Bwanamkubwa. Aggrey ndiye anayenda mudzi ndi mudzi, nalankhula ndi mafumu m'cinenero cao ndi mwa mwambo wao, natengera mau a anthu kwa akuru a sukulu ndi mau a akuru kwa anthu; ndiyo nchito yomwe ija ya atate wace, ndodo yokha ndiyo inasowa. Anaumirira kuti asungwana alowe pamodzi ndi anyamata, pakuti anaona kuti cimene mkazi waphunzira cifika kwa banja lonse. Sukuluyo inatsegulidwa pa 28 January 1927, ndipo pa cizindikiro cace anajambulapo timatabwa tija ta limba, takuda ndi toyera.

Mwa anyamata amene anamumva alikulankhula, atatu anadzatsogolera maiko ao. Nnamdi Azikiwe anamumva ku Lagos ali mwana wa sukulu, natsimikiza mtima kupita ku America. Ndiye anakhala President woyamba wa Nigeria m'caka ca 1963. Kamuzu Banda anamumva ku Johannesburg m'caka ca 1921 alikugwira nchito ku migodi, naoloka nyanja m'caka ca 1925. Kwame Nkrumah anamuona ku Accra alikuphunzira uphunzitsi, ndipo anatsogolera Ghana ku ufulu m'caka ca 1957. Onse atatu anadziwa kugwira khamu, onse atatu anatenga fanizo la ciombankhanga nauluka nalo. Kulandira nkhonya ndi kukhala pansi pa mnzako wosankhidwa m'malo mwako, kumeneko sikuphunziridwa pa msonkhano wa tsiku limodzi. Ndipo akuru a kuno amene anaona zaka za cipani cimodzi, ndi a ku Ghana omwe, akhoza kunena okha ngati ophunzirawo anafika nalo phunziro limenelo.

M'mwezi wa May 1927 Aggrey anapempha cilolezo kupita ku America kukaona banja lace, ndi kukatsiriza buku limene Columbia University inafuna asanampatse dzina la maphunziro ace otsiriza. Mayeso ace anali atakhoza kale. Thupi linali litatopa, pakuti sanadziwa kukana woitana ali yense kuti akalankhule. Ali ku New York anagwidwa ndi nthenda youmitsa khosi, namwalira m'cipatala ca ku Harlem pa 30 July 1927, ali wa zaka 51. Bukulo silinalembedwa. Mtembo wace anautengera ku Salisbury, nauika m'mudzi momwe muja anaphunzitsamo ndi kuweta alimi.

Anasiya mkazi ndi ana anai. Wotsiriza, Orison Rudolph Aggrey, anali khanda la caka cimodzi, ndipo mau a atate wace sanawamva konse kuti awakumbukire. Anamlera ndi amace, amene anagwira nchito ya uphunzitsi ndi kuyendera masukulu a anthu akuda m'cigawo comweco zaka zambiri. Mwanayo atakula analowa nchito ya Boma la America, nakhala kazembe wace ku Senegal ndi ku Gambia, ndi pambuyo pace ku Romania, wonyamula mau a akuru a dziko lace kukawapereka kwa akuru a maiko ena. Anamwalira m'caka ca 2016.